Jezi ya Ambulansi

"Ziro! Ziro, mlongo wanga! Taona wekha, ungamati ndikukunamizira!"

Kaputeni anali atakweza foni m'mwamba ngati refa woonetsa khadi, mawu akumveka mpaka kwa amayi ogulitsa nsapato kumapeto kwa khonde. Shopu yake yokonzera mafoni ndi kachipinda koti mukalowa atatu, wachinayi amatsala pakhomo. Ndiye munthu akamakuwa m'menemo, zimangokhala ngati wakulowetsa mutu m'sipika.

"Ndaona, achimwene," anatero Ambulansi. "Tsitsani volyumu, makasitomala akubwerera panjira."

"Abwerere! Magemu faivi, mitu ziro. Olo nkhuku sunaphe."

"M'gemumo mulibe nkhuku."

"Ikanakhalamo ikanakupha iweyo!"

Lezala, wometa wa shopu yoyandikana nayo, anali atatsamira chitseko, chipeso chili m'thumba la malaya. Anaphulika kuseka, kenako n'kudzigwira pakamwa ataona diso la Ambulansi.

Gemu yake ndi yotere. Matimu a anthu atatuatatu amaponyedwa pachilumba, aliyense ali pa foni yake, n'kumasakana ndi mfuti mpaka itatsala timu imodzi. Akakuwombera sufa pompo. Umagwa, n'kumakwawa, kamzere ka magazi kakutsika pang'onopang'ono. Mnzako akafika pamene wagwerapo n'kukugwira masekondi eyiti osasuntha, umadzuka. Akachedwa, basi, wapita, umangoonerera anzako akusewera. Ntchito yothamangira ogwa imeneyo ndi imene inamupatsa dzina loti Ambulansi. Zaka ziwiri tsopano: iye, mchimwene wake Kaputeni ndi Lezala, lanchi iliyonse, zitseko zili zotseka theka. Kunja kwa gemu ndi telala. Makina ake ali zitseko zitatu kuchoka pa shopu ya mafoniyo.

"Tasunthani sikiriniyo kumanzere," anatero. "Kuli kolamu ina uko. Simumafikako."

"Kolamu ya chani?"

"Ya kudzutsa. Magemu faivi omwewo ndakudzutsani ka leveni. Inuyo nokha. Lezala kawiri."

"Katatu, sisi," anatero Lezala. "Tisamanamizane."

"Kudzutsa sikupereka mapointi!" Kaputeni anamenya tebulo, timasikuluwu tinadumpha m'kambale. "Loweruka akuwerenga mitu ndi malo amene mwathera. Finito. Palibe jaji adzafunse kuti ndani anali ndi mtima wabwino."

Loweruka. Mpikisano wa mu holo, matimu sikisitini, sikirini yaikulu pakhoma, anthu akuonerera atakhala pamipando ngati kuli mpira. Kanali koyamba timu yawo kufika pamenepo. Ndipo mipando ya timu iliyonse ndi itatu, osati inayi.

Kaputeni anaika foni pansi, anayamba kupukuta magalasi ake. Ambulansi amamudziwa mchimwene wake: akayamba kupukuta magalasi oyera kale, ndiye kuti kukubwera zoipa.

"Ndaganiza," anatero, maso ali pa magalasiwo. "Loweruka alowa Mphenzi. Iwe upume kaye."

Mphenzi ndi mlongo wawo wa madamu a Kaputeni. Dalaivala, ntchito inatha, anabwera masabata atatu apitawo, amagona pa sofa kwa Kaputeni komweko. Munthu wosayankhula. Tsiku limene Lezala anapanikizika ndi makasitomala, anamulowetsa m'gemu kuti angokwanitsa nambala, iye n'kuchotsa mitu fotini. Mawa lake thetini. Kenako fotini kachikena.

"Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Kaputeni.

"Za malumo muzifunsa ine, bwana," anatero Lezala, koma palibe anaseka.

Ambulansi anatembenukira mchimwene wake. Mawu anatuluka asanawayeze.

"Alamu anuwo amabera."

"Wati chani?"

"Mwamva. Palibe munthu amachotsa mitu fotini gemu iliyonse ndi zala zomwezi. Muli ka apu m'foni mwawomo. Ndipo Loweruka amayendera mafoni pakhomo. Akakapeza, sachotsa iwo okha, amaletsa timu yonse. Dzina lathu lomwe."

"Nsanje," anatero Kaputeni, akuloza ndi sikuludiraiva. "Nsanje yeniyeni. Umboni uli nawo?"

"Ndiupeza."

"Kaupeze. Ndipo zimenezo asazimve alamu ako kunyumba, sindikufuna kugona panja chifukwa cha pakamwa pako."

Ambulansi anabwerera ku makina, koma tsiku limenelo ulusi unkangoduka. Pakhoma, pamwamba pa mabulauzi a anthu, panali majezi atatu pa mahang'ala. Akuda, mizere yofiira m'mapewa. Anasoka yekha. Zilembo za mayina anachita kudula pa nsalu yoyera chimodzichimodzi, n'kuzizunguliza ndi zigizagi kuti zisamasosoke pochapa. KAPUTENI. LEZALA. Ndiye lake, lalitali kuposa onse, zilembo naini, lochoka phewa kufika phewa. Linamudyera masana onse, S yekha anamubwereza katatu.

Lachiwiri pa lanchi sanapite kwa achimwene. Gemu imalola kuonerera anzako akamasewera, ndiye anatsamiritsa foni pa kachitini ka mapini, n'kusankha kuona ndi maso a Mphenzi. Mawu anathimitsa. Anali ndi mayi wina woyezetsa diresi, komanso kukuwa kwa Kaputeni kunali kutamukwana.

Taonani. Kamunthu ka Mphenzi kakuyenda m'mbali mwa khoma. Kutsogolo kulibe kanthu. Mwadzidzidzi kaima, katembenuka, kaloza mfuti pa zenera lopanda munthu. Sekondi imodzi. Ziwiri. Mutu uja tulukiru pazenera pomwepo. Pha! Wagwa.

"Ehe," anatero Ambulansi.

"Yathina?" anafunsa mayi uja, akudziyang'ana m'chiuno.

"Ayi mayi, ili bho. Tembenukani."

Kachiwiri, kuseri kwa kontena. Kachitatu, pamwamba pa phiri, munthu wooneka ngati kadontho. Amadziwa bwanji? Amaona kudutsa khoma? Ma apu amenewo alipo, aliyense amadziwa: amakujambulira adani ngati timabokosi tofiira, olo abisale pansi pa nyumba. Magemu onse awiri Kaputeni anafa koyambirira, dzina lake n'kuchita imvi pakona ya sikirini. Ambulansi anangoti mumtima, zikomo, alawe. Sanadzifunse zambiri. Maso ake anali pa mfuti ya Mphenzi basi.

Ndiye zinthu zinayamba kulumikizana zokha, mmene zimachitira ukayamba kukayikira munthu. Bwanji mlamuyo sayankhula pa maiki? Bwanji foni yake amaiika chafufumimba, sikirini pansi, olo akupita kukasamba m'manja? Bwanji amavala kapu mpaka m'nyumba?

Kenako anakumbuka dilowa.

Masabata awiri apitawo foni ya Mphenzi inagona masiku awiri mu shopu ya Kaputeni. Akuti pobayira chaja. Pobayira chaja masiku awiri? Kaputeni amasintha zimenezo mphindi twente akucheza. Ndipo tsiku lina Ambulansi analowa osagogoda kudzabwereka sizasi, achimwene n'kukankha dilowa ndi bondo, phwa, n'kuyamba kupukuta magalasi.

Singano inaima pakati pa msoko. Ndiye kuti ka apuko anaikamo ndi achimwene omwe?

Lachitatu m'mawa anakalowa kwa Lezala. Anamupeza akumeta mkulu wina wa mpala, ntchito yongozungulira m'mbali.

"Lezala, ndiuze zoona. Foni ya alamu ija inkatani masiku awiri kwa achimwene?"

"Sisi, mwadzuka bwanji kaye."

"Ndadzuka. Inkatani?"

"Ine ndimameta mitu, sisi, zam'kati mwake sindiona."

Mkulu wa mpala anaseka mpaka mashini anatsetsereka. Koma Ambulansi sankayang'ana mkuluyo, ankayang'ana pagalasi. Lezala, munthu woti akamakuyankhula amakuyang'ana pagalasi mpaka umachita manyazi, lero maso anali pa khutu la kasitomala ngati muli golide.

"Pali chimene ukudziwa."

"Chimene ndikudziwa n'choti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Uyo ndi mlamu. Mukamuponya mwala, muswa banja la achimwene anu. Zisiyeni, sisi. Ndi gemu chabe."

"Gemu chabe? Amene analira tsiku lija titathera nambala thuu ndani?"

"Chinali chimfine."

Anatuluka akudziwa chinthu chimodzi: onse awiri akubisa kanthu.

Masana omwewo anabwera madamu a Kaputeni, siketi ili m'jumbo, akuti zipi. Zipiyo Ambulansi anaikoka kukwera, kutsika, kukwera. Inalibe vuto lililonse.

"Imagwira nthawi zina," anatero madamuwo, atakhala kale pa benchi, chikwama pamiyendo. "Alamu, ndamva kuti kunyumba kwanga ndikusunga mbava."

Aaa, Lezala. Pakamwa ngati geti ya msika.

"Sindinati mbava, alamu. Ndinati amabera gemu."

"Kubera ndi kuba n'zosiyana? Mwina sukulu yanga inachepa. Mwana wa mayi anga uja wakhala miyezi inayi osagwira chiwongolero. Chinthu chimodzi chimene chikumudzutsa pa sofa ndi kagemu kanuko. Ndiye inu mukuti chani, alibe mutu woti n'kuwina yekha?"

"Ngati ali nawo, asewere pa foni yanga."

"Basi?"

"Basi. Mawa pa lanchi. Yawo itsekeredwe, ine ndiime kumbuyo kwawo."

Madamu anaimirira, n'kulanda siketi ija m'manja mwake. "Asewera. Koma akawina, mupepese anthu akumva. Osati pa meseji, osati ka sitika kogwada. Ndi pakamwa."

"Akaluza?"

"Saluza."

Madzulo asanaweruke kunabwera meseji ya Kaputeni: mawa ubweretse majezi. Opanda moni, opanda pliz. Ambulansi anaiwerenga kanayi. Majezi onse atatu? Ndiye kuti yake yomwe. Mwina achimwene ayamba kuopa. Mwina akudziwa kuti mawa zinthu ziyaluka, akufuna pothawira. Anawasita majeziwo, n'kuwapinda bwinobwino m'jumbo, yake pamwamba.

Lachinayi, twelofu koloko. Kaputeni anatembenuza kachikwangwani ka pachitseko, n'kusuntha mafoni a anthu osasula kuti patebulo papezeke malo. Lezala anabwera ndi mpando wake. Mphenzi anafika pomaliza, wamtali, malaya opinda manja, n'kuvula kapu pakhomo.

"Alamu, mwaswera?"

"Ndaswera, kaya inu, alamu."

Ulemu umenewo ndi umene unkamunyansa kwambiri. Munthu wakunena kuti umabera, iwe n'kubwera kudzavula kapu? Wosalakwa amakwiya.

"Foni," anatero, atatambasula dzanja.

Anapereka. Kaputeni anafulumira kuilanda. "Ndiika ndine mu dilowa."

"Muike ndikuona. Ndipo kiyi mundipatse."

"Kodi ndiwe wa polisi?"

"Kiyi, achimwene."

Anatsegula pang'ono chabe, poti dzanja lilowe, n'kutseka. Kiyi anamuponyera. Ambulansi anamuika m'thumba la epuloni, pamodzi ndi choko ndi kalezala komasulira ulusi.

"Mahedifoni nawonso. Mugwiritsa anga."

"Awo omanga ndi tepiwo?" anafunsa Lezala. "Sisi, ndiye mukufuna munthu aluze basi."

"Amamveka mbali zonse?" anafunsa Mphenzi.

"Amamveka."

"Ndiye ali bho."

"M'thumba muli chani?"

Mphenzi anatulutsa laisensi ndi switi imodzi. Switiyo anamupatsa Lezala.

Foni ya Ambulansi ndi yosweka pakona, mng'alu wotsika mpaka pamene pali batani lowombera, ndipo ikasewera mphindi teni imatentha ngati ayironi. Mphenzi analowa ndi akaunti yake, anasuntha timabatani tiwiri, anapukuta sikirini pa bondo. Ambulansi anaima kumbuyo kwake, pafupi moti ankamva sopo wa kunyumba kwa achimwene. Ulendo uno anafuna kuona zonse: zala, sikirini, kamapu ka pakona.

M'gemu timu inatsika pafupi ndi madepoti. Asanatole ngakhale zipolopolo zokwanira, Kaputeni anayamba zake.

"Tiyeni! Tiyeni, anyamata! Depoti yapakati, muli katundu!"

N'kuthamanga, pabwalo poyera, ngati mbuzi yaona geti yotsegula. Zala za Ambulansi zinagwedezeka zokha pa epuloni. Zaka ziwiri zinaziphunzitsa: achimwene akathamanga, iwe tsatira, mamita teni kumbuyo, bomba la utsi lili m'manja.

Mphenzi sanatsatire. Anakhotera kumanja, n'kukagona m'kaudzu pafupi ndi mpanda.

Mfuti zinalira.

"Ndagwa! Ndagwa! Ndidzutseni! Ali awiri, wina padenga, wina kuseri kwa thanki! Atatu! Wachitatu ali pa chitseko chofiira! Mphenzi, uli kuti?"

Mphenzi anali mamita sate. Ambulansi ankaona pa kamapu. Ankaonanso m'chikwama mwake: mabomba a utsi awiri. Njira yake inali yoonekeratu. Ponya utsi pakati, dutsa kuseri kwa matayala, gwira masekondi eyiti, mubwerere limodzi. Iye akanachita zimenezo ali m'tulo.

Chala cha Mphenzi sichinasunthe. Chinali m'mwamba pang'ono, pamwamba pa mng'alu uja, chikudikira. Mutu anaupendeketsa ngati dalaivala womvetsera injini. Mfuti anailoza pakona ya thanki, pamene panalibe munthu.

"Magazi akutha! Aise! Lezala!"

"Ndili kutali, bwana, ndikubwera!"

Wa kuthanki uja anatulukira kudzamaliza Kaputeni. Pha. Wa padenga anadumpha kudzadzutsa mnzake. Pha pha. Wa chitseko chofiira anasuzumira kuti aone chachitika n'chani. Pha. Mitu itatu, masekondi osakwana teni. Kamzere ka Kaputeni kanafika kumapeto nthawi yomweyo, dzina lake n'kuchita imvi.

"Eee! Mwaona? Mwaona zimenezo?" Kaputeni anakuwa, wakufa, akumenya Lezala paphewa. "Atatu! Pa foni yosweka!"

Ambulansi anayang'anitsitsa sikirini. Panalibe timabokosi tofiira. Panalibe ka apu. Zenera lija la Lachiwiri, kontena ija, phiri lija: iye anali atathimitsa mawu. Akanayatsa, akanamva achimwene ali pansi akukuwa malo a mdani aliyense, mmodzimmodzi, ngati kondakitala woitanira masiteji.

Gemu inapitirira. Bwalo likuchepa, matimu akutha. Patsogolo panali mlatho, kutsidya kaphiri. Apa ndi pamene Mphenzi anatsegula pakamwa, koyamba chiyambire.

"A Lezala, tadutsani. Ndikukuyang'anirani."

Lezala anadutsa. Pakati pa mlatho, kuwala kung'anima paphiri, Lezala pansi. Mphenzi anali ataloza kale kuphiriko, akungodikira kuti kung'anime pati. Pha. Kenako anakhala chete, kudikira wachiwiri, pamene Lezala akukwawa pa mlatho ngati kamba.

"Mani, ndili pompano. Mani. Mphenzi. Ndine ndadya switi yako koma usandilange."

Wachiwiri anatulukira. Pha. Wachitatu sanatulukire msanga. Lezala anachita imvi.

Mphindi sikisi zotsatira Mphenzi anasewera yekha, foni ikumuwotcha zala, akusintha kagwiridwe. Anamaliza ndi mitu twelofu. Sikirini inachita golide.

Kaputeni anadumpha mpaka kugunda shelefu ya mabatire. "Nambala wani! Nambala wani! Mlongo, tamva, yankhula! Ka apu kali kuti? Kali mu tepi ya mahedifoni?"

Mphenzi anavula mahedifoni, anakulunga waya bwinobwino, n'kupereka foni ndi manja awiri.

Kwa Ambulansi mawu anali olemera, koma lonjezo ndi lonjezo. "Pepani, alamu. Ndinakunamizirani. Simubera."

"Palibe kanthu, alamu."

"Mumangodikira anzanu afe."

Panja wina ankayesa sipika, kuyatsa n'kuthimitsa.

"Munali ndi utsi uwiri," anapitiriza. "Mamita sate. Mukanawadzutsa achimwene."

"Ndikanatha," anatero Mphenzi, osakweza mawu. "Ndiye atatu aja akanatiwona tonse. Chonchi anabwera okha."

"Ndiye achimwene ndi nyambo?"

Mphenzi anayang'ana Kaputeni, kenako pansi, ngati akufuna mawu aulemu. Sanawapeze. "Sindiwatuma ine. Amathamanga okha. Ndipo akagwa amanena bwino malo, samaphonya. Zimathandiza kwambiri."

Lezala anatsokomola. "Ine pa mlatho paja munachita kundituma, mani."

"Wina amayenera kudutsa."

"Mwamva, achimwene?" anatero Ambulansi. "Loweruka, pa sikirini yaikulu, anthu onse akuona, inu mudzafa mphindi faivi zoyambirira gemu iliyonse. Ntchito yanu idzakhala kugwa n'kukuwa."

"Alamu," anatero Mphenzi, "ndinene kanthu, musakwiye. Ndinaonera magemu anu akale. Mumathamanga bwino, utsi mumaponya pamalo pake, ine sindingathe. Koma mumawadzutsa kanayi, iwo n'kukagwanso kanayi, malo omwewo. Amathamanga chonchi chifukwa akudziwa kuti mukubwera. Munawazoloweza ndinu."

Zimenezo zinalowa ngati singano ya makina pa chala. Ambulansi anayang'ana mchimwene wake, kudikira kuti akwiye, amenye tebulo, anene kuti ine si nyambo ya munthu.

Kaputeni anavula magalasi. Anawapukuta.

"Koma tawina," anatero.

"Tawina? Inu munafa kalekale."

"Pa sikirini palembedwa timu. Zaka ziwiri, iwe ndi ine, nambala wani tinamuona kangati? Kasanu? Uyu sabata imodzi watipatsa kanayi. Ndikagwa ndagwa, bola chikho."

Ambulansi anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi. Anangofuna abweze foni ya munthu azipita. Anawerama pa dilowa.

"Ndipatse, nditsegula ndine," anatero Kaputeni, mofulumira kwambiri.

Ambulansi anali atatsegula kale. Anakoka yonse mpaka kumapeto. Foni ya Mphenzi inali pamwamba pa pepala lopinda pakati, lokhala ndi chidindo cha okonza mpikisano. Dzina la timu yawo linkaonekera. Analitambasula.

Osewera atatu. Kaputeni. Lezala. Mphenzi. Aliyense atasaina pambali pa dzina lake. Deti yake, ya masabata awiri apitawo.

Anawerenga detiyo kawiri. Ndiye kuti Lolemba lija, ziro, ziro, nkhuku, kumenya tebulo, zonse zija zinali sewero. Nkhani inali itatha kale, asanasewere n'komwe magemu faivi aja. Foni inagona masiku awiri kuti ailembetse nambala yake ku mpikisano. Iye ali kalikiliki kubwereza S katatu, pepala lili mu dilowa.

"Lezala," anatero, osatembenuka. "Siginecha iyi ndi yako?"

"Sisi, anandiuza kuti akuuzani okha. Ndinkangodikira kuti..."

"Umameta mitu, zam'kati suona."

Lezala anatulutsa chipeso m'thumba, anachiyang'ana, anachibwezera.

"Ine sindimadziwa kuti simunauzidwe, alamu," anatero Mphenzi. Mwina zinali zoona. Ambulansi anali atatopa ndi kuyeza nkhope za anthu.

"Ndimafuna ndikuuze bwinobwino," anatero Kaputeni. "Koma iwe ukudziwa mmene ulili, ukanalira, ukanakauza amayi. Ndinati mwina ukaona manambala wekha umvetsa. Siine ndakuchotsa, mlongo, ndi manambala. Komanso sikuti wachoka mu timu. Udzabwera, udzakhala kutsogolo, udzatigwirira mapawabanki."

Anakoka jumbo ija patebulo, n'kutulutsa jezi yapamwamba. Anaitambasula m'mwamba, zilembo naini zoyera zikuwala, n'kuiyerekeza pamsana pa Mphenzi.

"Mwaona? Saizi ndi yomweyo, unasoka yaikulu. Ndiye ungomasula dzinali, usokepo lake. Zilembo seveni zokha, kwa iwe ndi kanthu kochepa. Mawa madzulo zikhala zitatheka eti?"

Ambulansi anapisa m'thumba la epuloni. Anatulutsa kalezala kaja, n'kukaika patebulo pakati pa timasikuluwu. Anazula singano imene imakhala pa kolala yake, ulusi woyera ukulendewera, n'kuibaya pa jeziyo, pa A woyamba.

"Sokani nokha."

Anatenga foni yake, ikadali yotentha. Lezala anadzikanikiza kukhoma kuti adutse, iye n'kutuluka.